Mwala Umene a Festus Sankaupeza

Alamu anga a Festus ndi munthu woti ukayenda naye uzinyamuliratu manyazi ako. Tsiku lina kwaya ya mpingo wathu wa ku Dzoole inapita kukaimba ku Mvera. Titatsika m'lole, aliyense akukonza duku ndi kolala kuti tijambulidwe patsogolo pa tchalitchi, tinangoona kuti wojambula wathu palibe. Tinakawapeza kuseri kwa mpanda atagona chafufumimba, buluku la pa Sabata lili m'fumbi, foni ataiyandikiza pa kaduwa kachikasu kosaposa chikhadabo. Bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, woimba besi. Anadzuka nkhope ili ngwee, n'kumationetsa mmodzimmodzi. "Taonani timizere take m'katimu," ankatero. "Ndani angalembe zimenezi ndi dzanja?" Ife anatijambula mothamanga, ndipo a mzere wakumbuyo tonse tinatuluka opanda mitu.

Sanabadwe choncho. A Festus ndi mlimi wa fodya ndi chimanga, ndipo duwa limene ankalidziwa ndi la fodya, loti ukangoliona ulibudule lisanadye mphamvu ya masamba. Wokonda maluwa anali akazi awo, a Roza, achemwali anga. Ine ndine Lidia, mng'ono wawo, ndipo ndinakwatiwa mudzi woyandikana nawo. A Roza ankadzala maluwa m'mabeseni obooka ndi m'zidebe zodooka kuzungulira khonde lonse. Alamu akabwera kumunda n'kupeza akuthirira, ankang'ung'udza kuti madzi ochokera kutali akuthera pa zinthu zosalowa m'nkhokwe.

Kenako a Roza anagwa pamjigo. Inali sitiroko. Anabwerako kuchipatala dzanja ndi mwendo wakumanzere zili zolemera, kamwa itapotoka pang'ono, mawu akutuluka mochedwa. Achipatala ananena mosabisa kuti mwendowo ukhoza kubwerera, koma ukufuna kuuyendetsa tsiku ndi tsiku, apo ayi uuma ndipo sadzayendanso. Achemwali anga ndi munthu wosafuna kumveredwa chisoni. Anatseka makatani, anakhala pampando wa pabalaza, ndodo imene anawapatsa anaiimika kuseri kwa chitseko. Amayi a chigwirizano anabwera ndi nyimbo, abusa anabwera ndi pemphero, ine ndinabwera ndi kukalipa. Onse tinabwerera chimodzimodzi. Ndinkachita mantha, chifukwa mwendowo ndinkausambitsa ndine ndipo ndinkaumva kuti ukulimba.

Mwana wawo Godwin, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anatumiza foni yojambula kuti aziona mayi ake. Mayiwo anakana kujambulidwa. Foniyo inatsalira bambo, ndipo poiphunzira ankangodina paliponse. Anajambula phazi lawo, denga la chigafa, mchira wa mbuzi. Tsiku lina pobwera ku Mponela anali atajambula mwangozi maluwa ofiirira oyanga pampanda wa munthu. A Roza anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Mwaima patali," anatero. "Duwa salijambula ngati ng'ombe yolusa."

Anali mawu oyamba ataliatali kuwamva chibwerereni kuchipatala. Alamu anatuluka panja n'kukaima kuchigafa kanthawi, ndipo pobwera maso anali ofiira.

Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse unasanduka wosaka maluwa. Kumsika, kuukwati, kumsonkhano wa alimi, ngakhale kumaliro pobwerera, iwo maso ali m'mbali mwa msewu. Anyamata a kabaza anawazolowera, moti akamva kugogoda paphewa ankadziwa kuti bambo aona kanthu. Deliya akachita chikasu m'misewu yonse ya Dowa, ulendo wa ola limodzi unkatha dzuwa litapendeka. Analowa m'dambo mpaka m'mawondo kulondola kakombo. Anapirikitsidwa ndi galu pa nyumba ina imene mwini wake anakonza kapinga ndi maluwa m'mizere, ndipo anathawa akujambulabe. Njuchi inawaluma pamphuno ali pansi pa mtengo wa muwale, mphuno n'kutupa ngati mbatata, koma Lamulungu anaimba besi yawo osaphonya.

Poyamba ndinkati akuchitira odwala. Koma matenda okonda maluwa anawagwira iwonso. Munthu amene ankadzuka m'mamawa chifukwa cha nazale yekha anayamba kudzukira nkhungu, kuti aione ikutsika m'mapiri dzuwa likamatuluka. Anadziphunzitsa kuti masana salola kujambula, kuti dzuwa lizikhala kumsana, kuti galasi la foni lizipukutidwa ndi m'munsi mwa shati. Akafuna kudina ankagwira mpweya. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu," ankandiuza, ine nditatopa kuwadikira ndi dengu pamutu. Ndinkawanyoza kuti akalamba ndi chibwana, iwo n'kumati amene anakalamba ndi ine, chifukwa ndimadutsa pa zinthu zokongola ngati ndikupita kuchigayo.

Akafika kunyumba ankakoka kampando n'kukhala pafupi ndi akazi awo, ndipo mlandu unkayamba. Ichi chapendama. Ichi mwachiphimba ndi chala. Ili si duwa, ndi chisoso. Chikawakomera ankangoti, "Eya," ndipo alamu ankayenda tsiku lonse ngati fodya wawo wagulidwa bwino kuokushoni. Mawu a a Roza anayamba kumasuka, kuseka kunabwerera. Koma ndodo inali kuseri kwa chitseko, ndipo mwendo unkalimbirabe.

Mvula yoyamba itagwa, alamu anapita kwathu kumene ine ndi a Roza tinabadwira, m'munsi mwa phiri la Ntchisi, kukaimira banja pa chinkhoswe. Anabwerako akulankhula asanatsike n'komwe panjinga. Kumtunda kwa mudzi, pamene minda imathera, anapeza chitunda chonse chitafiira. Ndi maluwa aja obulungira ngati mpira, amene amatumphuka m'nthaka opanda tsamba mvula ikangonyowetsa fumbi, ndipo sakhalitsa. Anajambula mpaka foni inazima.

A Roza anaziona zithunzizo chimodzichimodzi, ife tikudikira "Eya". Sanamutchule.

"Mwajambulira kumunsi," anatero. "Malo amenewa amaoneka uli pamwala paja. Ukaima pamenepo, maluwa amakhala kumapazi, kutsogolo zigwa zonse mpaka kuchizimezime. Mwala wathyathyathya uja, bambo a Godwin."

"Miyala ndi yambiri kumene kuja, Nambewe," anayankha alamu, powatchula ndi mfunda wathu monga amachitira.

Inali nthawi yowokera fodya, pamene mlimi sachoka pamunda ngakhale amuitanire nyama. Alamu anasiya mbande m'manja mwa aganyu n'kubwereranso ku Ntchisi. Anthu m'mudzi anagwedeza mitu. Anabwerako ndi chithunzi cha pamwala wina wosongoka, kutsogolo kuli chitsamba chotchinga zonse. A Roza anapsa mtima mpaka anamenya dzanja labwinolo pampando. Anawafotokozera njira ngati akulangiza mwana wopita kusitolo: mukadutsa mjigo, mukhotere kumanja pa mtengo wa msuku, mwalawo uli pomwepo. Ulendo wachitatu anandilamula kuti ndipite nawo, chifukwa mwamuna wawo nzeru zathera m'mphuno yotupa ija.

Tinafika m'mawa, udzu udakali ndi mame. Ine ndinakulira komweko, koma ndinaima kukamwa kuli yasa. Chitunda chonse chinali psuu, njuchi zili ng'waa, mitambo ikukwawa pamwamba pa nkhalango. Ndisanaloze n'komwe njira, alamu anadutsa mjigo, anakhotera pa msuku, n'kukwera pamwala wathyathyathya ngati munthu wolowa m'nyumba mwake. Anaima pamenepo nthawi yaitali, foni ili m'thumba. Kenako anatsika, anapita pa kamwala kena kumbali, n'kuyamba kujambula tchire.

"Alamu, mwala uja si umenewu mwatsikapowu?"

"Ndi womwewo."

"Nanga mukujambulanji uko?"

"Mlamu, pamwala pamenepa ndi pamene ndinawafunsira mbeta achemwali anu. Ndingapaiwale?" Anapukuta galasi la foni ndi shati. "Ndikawapititsira malowa m'manja, awaonera pampando. Inu mukakafika mukanene kuti tasokera tonse."

Ine ndimaimba kwaya ndipo bodza ndimaliopa, koma limeneli ndinalinyamula mosangalala njira yonse.

A Roza ataona tchire lija anatiyang'ana tonse awiri, ine makamaka. Ndinati msuku uja anaudula, njira zasintha. Kenako anati, "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Lidia, tandipatsa ndodoyo."

Tsiku loyamba anafika pakhomo n'kubwerera thukuta lili kamukamu. Lotsatira anafika pakhonde, ndipo ataona mabeseni awo ali ndi udzu anandikalipira mpaka mawu anamveka kwa aneba. Kenako kuchigafa, kenako kumsewu. Anagwa kamodzi n'kusupuka bondo, ndipo alamu atathamangira anawabweza ndi ndodo. Anthu odutsa ankaima kuwapatsa moni, iwo poyamba ankaphimba kukamwa ndi chitenje, kenako anaiwala chifukwa dzanjalo linkafunika pandodo. Alamu ankayenda pambuyo pawo akuwakumbutsa kuti maluwa aja sadikira munthu. Ine ndinkada nkhawa, chifukwa ndinkadziwa kuti zimenezo n'zoona.

Godwin anabwera ndi galimoto yobwereka. Tinanyamuka tonse tikuimba ngati tikupita kuukwati, a Roza atavala duku lawo latsopano, akuloza phiri lililonse ndi kutchula dzina lake. Galimoto inathera pa mjigo. Kuchokera pamenepo ndi chitunda, ndipo Godwin anawerama kuti awabereke mayi ake. Anamukana. Anakwera okha, phazi labwino patsogolo, linalo likukokedwa, kupuma pa msuku, kupumanso patsogolo pake. Abale a m'mudzi anatuluka m'minda n'kumatitsatira chapatali, makasu ali pamapewa, ndipo mayi wina analephera kupirira n'kuimba nthungululu.

Maluwa tinawapeza atapita. Mitu yambiri inali itafota n'kugwera pansi, masamba obiriwira atatenga malo. Ofiira anatsala owerengeka m'mithunzi ya miyala. Alamu nkhope inagwa, ndipo anayamba kupepesa kuti tachedwa.

A Roza sanawamvere. Anagwira phewa lawo, anakweza mwendo wolemerawo okha n'kuima pamwala wathyathyathya. Mphepo inkakupiza duku lawo. Anayang'ana zigwa, midzi, minda yongomera kumene, mpaka kumene maso amathera, akupuma mwamphamvu ndi kumwetulira ndi kamwa yawo yopotokayo anthu onse akuona.

"Mwalawu mwaupeza msanga lero, bambo a Godwin," anatero. "Simunafunse n'komwe njira."

Alamu anayang'ana pansi.

"Mumayesa sindinadziwe? Ndinadziwa tsiku limene munabwera ndi mwala wosongoka uja. Munthu wopeza kaduwa m'kati mwa udzu sangasoche pamwala waukulu chonchi. Ndi iwenso Lidia, msuku uja si uwo uli apowo?"

Ndinaseka misozi ikutsika. Alamu anatulutsa foni n'kufunsa kuti ajambulire mbali iti. A Roza anawalozera ndi ndodo, anawauza kuti atsike pang'ono, agwire mpweya. Atawaonetsa chithunzicho anachiyang'ana, anati chapendama, ajambulenso chaka chamawa maluwa akadali ofiira, ndipo adzabwera kudzaimirira okha kuti asawanamizenso.

Kenako anachotsa dzanja paphewa la amuna awo.

"Tiyeni tizitsika," anatero. "Inu tsogolani, muziyang'ana maluwa anuwo. Musandigwire."