Masamba Omaliza Anapita ndi Fodya wa Apongozi

Buku langa loyamba la nkhani zophana ndinaligula pa Mponela, kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pachiguduli pamodzi ndi misomali ndi maloko. Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Malomo, nditangokwatira kumene. Ndinkakhala pachikamwini, m'kanyumba koyang'anizana ndi nyumba ya apongozi anga aakazi.

Kufikira tsikulo ndinkangodziwa mabuku a kusukulu ndi a kutchalitchi, momwe wolakwa amadziwika kuyambira tsamba loyamba. Ili linali lamtundu wina. Mwini fakitale ya nsapato anapezeka atafa mu ofesi yake, ndipo aliyense womuzungulira anali ndi chifukwa chomufunira imfa: mkazi wake, dalaivala, dokotala, ndi mkamwini wake wina waulemu kwambiri. Wapolisi wofufuza ankangofunsa timafunso topusa n'kumapita. Nkhaniyo inandilowa m'magazi. Poti inali ya Chingerezi chovuta, ndinkawerenga pang'onopang'ono, dikishonale ili pambali, ndikaweruka kusukulu ndi kudimba. Ndikamaliza ndinkalisomeka kudenga la khonde.

Nditafika pakati ndinaona kuti bukulo likuwonda. Chikuto chakumbuyo chinalipo, koma tsamba lomaliza linathera pakati pa chiganizo, wapolisi uja atangoimirira kuti alankhule. Patatha mlungu ndinayang'ananso kumapeto, ndipo wapolisiyo anali asanalowe n'komwe m'chipinda chomwe anaimiriramo. Munthu wina ankalidya bukulo kuyambira kumchira.

Apa ndiye ndinasanduka wofufuza. Mbewa ndinazichotsa pamlandu, chifukwa mbewa sing'amba mowongoka chotero. Ndinakayikira alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, amene ankapichira fodya wa chingambwe m'pepala lililonse lomwe lawayandikira. Masiku atatu ndinkatola totsala ta ndudu zawo n'kumafunyulula kuseri kwa khola, koma tonse tinali ta nyuzipepala. Kenako ndinazindikira kuti masamba ankasowa tsiku loti mawa ndi msika. Pachikuto panalinso chidindo cha chala, chofiirira. Nditachinunkhiza ndinayetsemula kasanu.

Apongozi ankagulitsa fodya wamphuno pamsika wa Malomo, womanga m'timapepala.

Ndinathamangira kwa mkazi wanga ndi umboni wonse, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Iye sanasiye n'komwe kusenda mbatata.

"Mwavutika masiku onsewa bwanji osandifunsa? Ndi amayi. Anati aphunzitsi akuwerenga kutsogolo, ndiye iwo azitenga kumbuyo komwe simukugwiritsa ntchito. Akukupatsani ulemu."

"Koma kumbuyoko ndi komwe kuli wakupha."

"Ndiye mumugwire msanga asanapite kumsika," anatero, akuseka mpaka mpeni kugwa.

Zinandipweteka kwambiri, koma ndikanatani? Mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'chimanga, ndipo mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Iye anakana kunyamula uthengawo. Kulibisa bukulo kukanakhala kuwanena apongozi kuti ndi akuba, ine ndikulima munda wawo, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Ndinayesa kuwerenga mothamanga kuti tikakumane kutali, koma dikishonale inkandichedwetsa, pomwe fodya wa apongozi ankayenda malonda.

Nzeru yomwe ndinapeza ndi iyi. Tsiku la msika ndinkaima patali, kuseri kwa okonza njinga, n'kumaona agogo amene agula fodya. Akachoka ndinkawatsatira, n'kuwapempha mwaulemu kuti akakhuthulira fodyayo m'kabotolo andipatse kapepalako. Ena ankandipatsa akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Tsamba lililonse apongozi ankaling'amba panayi, choncho ndinkapeza theka la chiganizo apa, dzina la dokotala apo. Ndinkasunga zonse mu envelopu, ndipo m'matumba mwanga munkanunkha ngati m'chigafa.

Sindinaganize n'komwe momwe zimenezi zinkaonekera. Munthu wamkulu, wovala tayi, akutolera mobisa zinthu zomwe apongozi ake agwira ndi manja awo. Kwathu munthu wotero amakhala kuti akupita nazo kwa sing'anga. Pasanathe milungu itatu mudzi wonse unadziwa kuti mphunzitsi uja akufuna kuwaphera malonda apongozi ake, ena ankati akufuna kuwapha iwo amene. Apongozi anasiya kupita kumsika. Anadwala mutu masiku awiri, ndipo zimenezi zinangotsimikiza zonse.

Apongozi anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pamphasa Loweruka m'mawa: amalume a mkazi wanga, nkhoswe yanga imene inachokera ku Mvera panjinga itakwiya kale, mkazi wanga, ndi ine. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, tikungomva kutsokomola kwawo. Mtima unali m'malere, chifukwa pamilandu yotere mkamwini amangopatsidwa khasu lake n'kumulozera njira.

"Tamva kuti muli ndi katundu wa chemwali wanga," anatero amalume. "Tiwone."

Ndinakhuthula envelopu ija. Timapepala tinamwazika pamphasa ndipo nkhoswe yanga inayetsemula. Ndinatenga bukulo, lowonda ngati galu wa m'chilimwe, n'kuyamba kufotokoza kuti ndinkangofuna kudziwa amene anapha munthu.

"Wafa ndani?" anafunsa amalume atadzidzimuka.

Panalibe kuchitira mwina koma kuyamba pachiyambi. Ndinafotokoza za mwini fakitale, za mkazi wake amene sanalire pamaliro, za dalaivala amene ananama kuti anali kokonzetsa galimoto. Dzuwa linakwera. Amalume anaiwala mlandu wanga n'kugwira wa dalaivala. Nkhoswe yanga inaumirira kuti ndi dokotala, chifukwa ndiye amadziwa mankhwala. Anatsutsana mpaka kulozana zala, ine wozengedwa mlandu ndikungowaonerera.

Kenako kuseri kwa mpanda kunamveka mawu, olunjika kwa mkazi wanga.

"Tawafunsa, mkamwini wa malemuwo ankagwira ntchito yanji pakhomopo?"

"Palibe," ndinayankha ndikuyang'ana mkazi wanga. "Ankangokhala mwaulemu, n'kumawerenga."

"Ndi yemweyo," anatero apongozi.

Amalume anaseka mpaka misozi. Ine ndinaseka mochedwa, nditaona kaye kuti n'kololedwa. Phokoso litatha, apongozi anatsokomolanso, ndipo ulendo uno sanadzere mwa mwana wawo.

"Aphunzitsi."

Ndinagwada osadziwa kuti ndagwada. "Wawa."

"Ine ndimayesa mukufuna kundipha. Ndagona masiku awiri osadya chifukwa cha munthu wa nsapato. Mukagula lina, muzidzandiuza kaye amene wafa, tizimusaka limodzi. Mapepala ndizitenga mukamaliza."

Zinakhaladi choncho kwa zaka zambiri. Ndikabwera ndi buku kuchokera ku Mponela, ndinkakhala mbali ino ya mpanda, iwo mbali inayo akupera fodya, ine n'kumamasulira mutu ndi mutu. Mabuku ena ankawanyoza kuti wakupha waonekera msanga ngati mbuzi m'munda wa nyemba. Ena ankawayamikira, n'kulamula kuti asang'ambidwe. Nthawi zambiri ankalakwitsa, chifukwa buku lililonse lokhala ndi mkamwini iwo mlandu ankautha tsamba loyamba.

Amene anapha mwini fakitale ya nsapato sindikumudziwa mpaka lero. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandiuza kuti akhoza kulipeza buku lonse pafoni, ndingomuuza dzina lake. Dzinalo ndimalikumbuka bwinobwino, koma ndinamuuza kuti ndinaiwala. Apongozi anamwalira akunenetsa kuti ndi mkamwini, ndipo ine sindikufuna buku loti likawatsutse iwo palibe.