A Lembanso ndi Dzina Lodumphidwa

Sabata yatha tinaika m'manda m'bale wathu amene mpingo wonse unkamudziwa ndi dzina loti a Lembanso. Linayamba ngati nthabwala ya achinyamata, koma eni ake analilandira osadandaula.

Anabadwira m'banja losauka koma lopemphera. Buku la nyimbo panyumba panalibe, choncho ali mwana ankabwereka la anansi n'kumakopera nyimbo pamanja. Atakula anatsegula kashopu kokonza makompyuta, ndipo anadziphunzitsa kulemba khodi, malangizo aja ouza kompyuta chochita.

Ndiwo anapangira mpingo wathu pulogalamu yotumiza mauthenga pafoni kwa ozonda odwala. Pofuna kufulumira, anatenga khodi ya munthu wina pa intaneti n'kungoimata osaiwerenga bwino. Inagwira ntchito, tonse tinaomba m'manja. Koma inali ndi chilema: ikapeza dzina la wodwala lokhala ndi "ng'", kachizindikiro kapamwambako kankaisokoneza, ndipo dzinalo inkalidumpha mwakachetechete. Mkulu wina wosoka nsapato, wa dzina lotero, anadwala nthawi yaitali maso ali kukhomo. Wa mpingo sanafike ndi mmodzi yemwe. Anamwalira akufunsa mwana wake wamkazi ngati tinamuchotsa mumpingo.

A Lembanso atapeza chomwe chinachitika, anachita manyazi aakulu, ndipo manyaziwo sanawachoke mpaka imfa. Anaima kutsogolo kwa mpingo n'kuulula.

"Abale, musaloze chala kompyuta. Ndine ndinayankha Amen pa pemphero limene sindinalimve."

Kuyambira pamenepo, khodi iliyonse ankailembanso okha, mzere ndi mzere, mpaka atamvetsa ntchito ya kachizindikiro kalikonse. Ana awo ankawaseka: "Ababa, zokonzakonza zilipo, mukudzivutiranji?" Iwo ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Pulogalamu ya odwala anailemba mwatsopano, ndipo sinadumphenso munthu. Koma iwo anasamukira pa benchi yakumbuyo, ndipo maudindo onse ankawakana mopepesa.

Atakalamba maso anachita mdima, kenaka anagona pamphasa. Tinadziwa mochedwa kuti dzina lawo anali atalichotsa okha m'pulogalamuyo, poona kuti sakuyenera kuzondedwa. Uthenga sunapite kwa aliyense, ndipo ife ozolowera kudikira foni tinangokhala, zomwe zikutipweteka mpaka lero.

Amene anagogoda pakhomo pawo anali mwana uja wa wosoka nsapato, tsopano mayi wa ana akuluakulu.

"Mwana wanga, wadziwa bwanji? Uthenga sunatumizidwetu."

"Benchi yanu yakhala yopanda munthu, bambo."

"Bwerera. Ine ndi amene ndinachititsa kuti bambo ako..."

"Ndikudziwa. Bambo anga anayang'ana kukhomo mpaka kutsirizika. Inu ndiye ayi."

Anawagwira dzanja n'kuyamba nyimbo imodzi mwa zija a Lembanso ankakopera ali mwana. A Lembanso analira, kenaka anayamba kuvomereza chapansipansi. Anatisiya mwamtendere tsiku lotsatira, mayiyo ali pambali pawo.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Ife otsala, Lamulungu likubwerali titembenuke, tione benchi imene ilibe munthu.