Mayi amene anandigwadira m'laibulale

Zaka zimene ndinkagwira ntchito ziwiri, tulo tanga ndinkatipezera m'laibulale ya ku Wynberg. M'mawa ndinkakolopa m'maofesi, madzulo ndinkatsuka mbale ku lesitilanti. Pakati pake pankatsala maola angapo, koma ku Kraaifontein kumene ndinkakhala kunali kutali, sindikanatha kupita n'kubwerera. Mvula ya m'nyengo yozizira kuno kudziko la eni ilibe chisoni. Ndiye ndinadzipezera mpando pafupi ndi hita yotenthetsera m'chipindamo, kuseri kwa mashelefu a mabuku a zaulimi, kumene anthu sankafikako kawirikawiri.

Lamulo linali lakuti osagona. Ndinkaimika nyuzipepala kumaso n'kutsinzina. Gadi wa pakhomo, bambo wachixhosa wamimba, anandigwirapo ndikuliza mkonono, n'kundiuza kuti ndikadzangoyambitsanso kena kalikonse ndisadzapondenso mmenemo.

Munkabwera anthu odabwitsa. Mzungu wina wokalamba ankanunkhiza buku lililonse asanalitsegule. Wina ankayanika masokosi pa hita pamphuno panga penipeni, n'kumandiyang'ana ngati wolakwa ndine. Mtima wanga ndi wapachala, koma ndinkangomeza mate. Mpandowo ndinkaufuna.

Masana ena m'bale wanga anandiimbira foni. Ndinamunong'oneza kuti ndimuimbira ndikatuluka. Ndisanabwezere n'komwe foniyo m'thumba, pafupi nane panaima mayi wachitsikana, chitenje pamwamba pa jekete lalikulu, chikwama cha mizeremizere m'manja. Anaika chikwamacho pansi n'kugwada. Mawondo onse awiri pakapeti, manja pamodzi, ngati mmene amachitira kumudzi polankhula ndi munthu wamkulu.

"Pepani bambo, ndamva mukulankhula chakwathu. Muli bwanji?"

Lilime lake linali la kumpoto. Ndinamuuza chapansipansi kuti adzuke, kuno sagwada. Sanadzuke. Anati wafika dzana, mlamu wake amene anayenera kumuchingamira sakuyankha foni, mvula ndi imene yamulowetsa muno, ndipo akungofuna kudziwa pokwerera takisi ya ku Nyanga.

Mayi woyang'anira mabuku anali ataona kale. Anabwera mothamanga, gadi uja pambuyo. Anafunsa mlendoyo m'Chingerezi ngati ndine mwamuna wake, ngati ndamumenya, ngati akufuna apolisi. Mlendoyo, pofuna kulemekeza bwana, anangozyolika, maso pansi, osayankha. Kwa iwo amenewo anali mantha.

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi ulemu chabe, munthuyu sindikumudziwa n'komwe. Woyang'anira mabukuyo anati ulemu wotero ndikauchitire kwathu. Ndinamezabe mate. Kenako gadi anandigwira kolala ya malaya ngati wakuba nkhuku.

Apo ndiye zinandithera. Ndinamukankha dzanja, nyuzipepala inamwazika. Ndinakuwa kuti ndakhala ndikukolopa zimbudzi zawo kuyambira mbandakucha, asandigwire ngati mwana wake. Ndinanenanso zina, za mimba yake ija. Ngakhale mzungu wonunkhiza mabuku anakweza mutu.

Anandiperekeza mpaka pakhomo. Gadi sanakalipe, anangoti, "Tata, ndinakuuzani."

Panja mvula inali isanasiye. Mayi wachitenje uja ananditsatira akulira, akupepesa mobwerezabwereza. Ndinkafuna kumulalatira, koma mphamvu ndinalibe. Ndinanyamula chikwama chake, cholemera ngati muli miyala, n'kumutsogolera ku renki ya matakisi. Ndinamusonyeza mzere wa ku Nyanga, ndinapempha woyendetsa kuti amutsitse pamene pamagulitsa amayi achimalawi, ndinamuphunzitsa kuti m'takisi asamatulutse foni.

Pothokoza anayamba kupindanso mawondo, pamatope pomwepo.

"Mayi, mukagwadanso ndikusiyani pompano," ndinatero.

Anaimirira, anakwera, anapita. Sindinamuonenso, ndipo sindikudziwa ngati mlamuyo anamupeza.

Nyengo yozizira yonse yotsalayo ndinkawodzera pabenchi la pa siteshoni, manja m'khwapa, chikwama changa nditachimangirira kumwendo. Tsiku lina ndikudutsa ndinasuzumira pawindo la laibulale. Pampando wanga panakhala wa masokosi uja, nyuzipepala ataiimika kumaso.