Ndinafufuta mawu a malemu ndili chikhalire pampando

Inu owerenga, ine ndinalakwira mayi wamasiye, ndipo ndinawalakwira ndikuganiza kuti ndikuchita ulemu. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Ndili ndi kashopu ku Senga Bay komwe ndimasindikiza zithunzi ndi kuika nyimbo m'mafoni. Ndinali ndi lamulo langa lomwe ndinkalinyadira kwambiri: ndikamaliza ntchito, ndinkafufuta zonse za kasitomala pakompyuta yanga. M'mafoni mwa anthu muli zinsinsi, ndipo sindinkafuna kufanana ndi anzanga ena amene amasunga zithunzi za eni ake n'kumaonetsana.

Tsiku lina kunabwera a Nabanda, mayi wolima mpunga ku Lifuwu. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo mayiwo ankafuna chithunzi chachikulu cha malemuwo choti akaike patsogolo pa mwambo wa chiliza. Foni yawo inali yotopa, polowetsa chingwe patachita dzimbiri, moti kompyuta inkakana kuiona. Ine pofuna kuonetsa ukatswiri, ndinaikamo kapulogalamu kolumikiza foni ndi kompyuta popanda chingwe. Zinatheka. Zonse za m'foni zinaoneka pakompyuta ngati foda wamba, ndipo foniyo ndinawabwezera.

Tikudikira chithunzi, anandiyatsira uthenga wa mawu umene amuna awo anawatumizira ali moyo: "Mayi, madzi afika m'munda, mubwere ndi makasu awiri." Anati amaumvera m'mawa uliwonse asanapite kumunda. Kenako anakakhala pabenchi panja.

Chithunzi chitatuluka, ndinatsata lamulo langa lija. Ndinasankha zonse za mufoda ija n'kufufuta. Kompyuta inandichenjeza, koma ndinavomera osawerenga n'komwe, poti m'mutu mwanga anali makope chabe. Sanali makope. Foda ija inali foni yeniyeniyo, imene mayi aja anaigwira m'manja panja paja.

M'mawa mwake anabweranso pa kabaza. "Achimwene, bambo aja sakulankhulanso m'fonimu. Tandionereni."

Ndinalakalaka kunamizira foni yakaleyo, ndipo akanakhulupirira, koma ndinawauza zoona. Tinapita kwa okonza mafoni ku Salima, onse analephera. Foni ya malemu nayo inapita kwa mng'ono wawo pogawa katundu, ndipo iye anali atafufutamo zonse kalekale. Zithunzi zina tinazipeza kwa achibale. Mawu aja sanapezeke paliponse.

A Nabanda sanandikalipire, ngakhale ine ndinkafuna atatero. Anangoti, "Chithunzi chija munachitulutsa bwino," n'kumapita.

Inu amene mumagwira mafoni a anthu, foni ikaoneka pakompyuta musaiyese kope. Chimene mwafufuta apo mwachifufuta m'foni, ngakhale mwiniwake ali nayo m'thumba. Yambani mwadula kulumikizana kwake ndi kompyuta, ndipo chenjezo likabwera muliwerenge. Nanunso amene muli ndi mawu a wokondedwa wanu m'foni, musawasunge malo amodzi. Tumizirani m'bale lero lomwe.

Mayi aja amadutsabe pashopu pano akamabwera kudzagulitsa mpunga, ndipo amandipatsa moni bwinobwino. Mwezi watha anaima pakhomo n'kundifunsa ngati ndikukumbukira mmene mawu a amuna awo ankamvekera, poti ndinawamvako tsiku lija. Anati iwo ayamba kuiwala.