Makhushoni a m'bwato la apongozi

Apongozi anga aamuna anali ndi makhushoni awiri aatali amene ankagonera, ndipo aliyense pakhomo pawo ku Kaumbwe ankadziwa kuti sakhudzidwa. Anabwera nawo kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Kumeneko anali ndi bwato la thanga pa Zambezi, lokhala ndi kachipinda pakati, ndipo makhushoniwo anali a m'kachipindamo. Bwato linawolera pagombe kalekale, mwini wake n'kusanduka mlimi wa thonje ndi mtedza, koma makhushoni anatsala. Nsalu yake inali yokhuthala ngati tenti, yoda ndi thukuta, zigamba zokhazokha. Amuna anga anawagulirapo matiresi. Apongozi anathokoza ndi manja awiri, kenaka n'kukaika m'chipinda cha alendo.

Ine ndine telala ku Nyimba. Madiresi ndimasoka, koma chimene chimandidyetsa ndi kukuta mipando ya m'nyumba ndi ya m'minibasi, ndiye ndikaona chinthu chong'ambika manja amandiyabwa. Komabe mpongozi sagwira pogona pa apongozi ake. Ndinkangoyang'anira patali n'kumeza malovu.

Chaka china msana unawavuta apongoziwo mpaka anagonekedwa kuchipatala ku Minga. Amuna anga anagamula okha kuti wolakwa ndi makhushoni aja. Anawamangirira panjinga yamoto n'kufika nawo kushopu kwanga fumbi lili thupi lonse.

"Amake mwana, chotsani vonse vili mukati muikemo siponji. Akatuluka mailo apeze vatsopano."

"Atate mwawauza?"

"Nikawauza azakana. Simuwadziwa?"

Ndinkawadziwa, n'chifukwa chake ndinakana kuyamba kudula. Amuna anga sachedwa kupsa mtima. Anatola lumo pamakina n'kung'amba msoko wonse kamodzin'kamodzi.

Ndinkayembekeza thonje lakale louma gwa, mwina zisanza. Chimene chinatsetsereka pansi chinali kadiresi ka mwana, kopindidwa bwinobwino. Pambuyo pake panatuluka kakabudula, kamalaya ka mabatani osiyanasiyana, nsalu za mzimayi, mpango wakumutu. Khushoni yachiwiri chimodzimodzi. Panalibe chisanza ngakhale chimodzi.

Ndinanyamula kadiresi kaja n'kukatembenuza, monga amachitira telala aliyense. Kanasokedwa pamanja, ndipo mpendero wake unapindidwa waukulu, mmene amachitira amayi kuti mwana akatalika adzaumasule. Sunamasulidwepo.

Kwa apongozi kunalibe mwana wamkazi. Amuna anga ndiwo oyamba kubadwa, owatsatira ndi amuna okhaokha, ndipo malemu amayi awo anali Mnsenga wa konkuno.

"Ni va salaula ivi," anatero amuna anga, kunena zovala za kaunjika zogula pamsika.

"Salaula yosoka pamanja munaiona kuti?"

Anakhala pampando wa kasitomala, manja pamutu. Siponji ndinakana kuikamo, zovala ndinakana kutaya. Ndinazipinda n'kuziika m'dengu.

M'mawa mwake tinabweza makhushoni ndi dengu ku Kaumbwe, kenaka tinakawatenga apongozi kuchipatala. Njira yonse sitinawauze za nkhaniyi. Atalowa m'nyumba ku Kaumbwe anapeza makhushoni ali yasa pamphasa, dengu pambali. Ndinkadikira mkuwo, mwinanso ndodo. M'malo mwake munthu wa msana wodwala uja anadzitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kuyamba kugwira zovalazo chimodzichimodzi. Ine ndinagwada pakhomo. Zikanakhala bwino akanatikalipira.

"Atate, ni va ndani?" anafunsa amuna anga.

Apongozi anayankha osadzutsa mutu. Anati kwawo kuja anali ndi mkazi ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Nkhondo itayandikira, mkaziyo anachotsa thonje m'makhushoni n'kulongedzamo zovala, chifukwa munthu wonyamula mtolo ankaoneka kuti akuthawa, pamene mwini bwato wonyamula makhushoni ake palibe ankamufunsa. Iwo anatsogola kudooko. Mkazi ndi ana anayenera kutsatira ndi mitsuko, ngati akukatunga madzi. Mfuti zinayamba kulira asanafike. Anthu anadzaza bwato n'kulikankhira pamadzi mwini wake akukuwa kuti dikirani.

Nkhondo itatha anabwererako kukafunsa. Mudzi anaupeza uli thengo, ndipo palibe anawauza kuti anaona manda kapena anaona amoyo.

Amuna anga anafunsa chifukwa chake sanazipereke zovalazo kwa ana ena zaka zonsezi, pakhomo pamene ana ankayenda ndi makabudula obooka.

"Vovala va munthu vimagawiwa malilo akasila," anatero apongozi. "Ine malilo sin'naone. Nikagawa, ndiye kuti nawaika m'manda na manja anga."

Kenaka anatembenukira kwa ine, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Apongozi, mubwezelemo. Musoke mwamene munapezela."

Ndinavomera ndi mutu. Tsiku limenelo ndinagwira pogona pa apongozi anga iwo akuona, ndikusoka pamanja ndi singano yaikulu, misozi ikundilepheretsa kuona pobaya. Amuna anga anali atanyamula kakabudula kaja, akukayang'ana ngati sanaonepo kabudula chibadwire.

"Nanga wamwamuna uyu, dzina lake anali ndani?" anafunsa amuna angawo.

Ndinaimitsa singano. Apongozi anayang'ana mwana wawoyo.

"Ni lako lamene ilo."

Amuna anga anandipatsa kakabudulako kuti ndilowetse, n'kutuluka panja. Mpaka lero, munthu akawaitana ndi dzina limenelo amachedwa kuvomera.