Tsiku limene ndinasenza mitolo iwiri

Ndikukumbukira bwinobwino, ngakhale zaka zanga za nthawi imeneyo sindizidziwa. Lemba chabe kuti ndinali ndisanathe msinkhu, koma mapira ndinali nditayamba kale kusinja ndekha. Ndipo ulembe mmene ndikukambira, Enelesi, usakonze. Ukakonza, owerenga ayesa kuti ambuya ako anapitako kusukulu, pamene nkhani yake ndi yomweyo.

Tinkakhala kwathu ku Shikabeta, kumunsi kuchigwa, kumene dzuwa likakwiya nkhuku zimayenda zitayasama. M'nyumba mwathu ana amoyo tinali awiri, ine Sofiya ndi mlongo wanga Damiano, wondiponda pamutu. Enawo anapita ali makanda. Damiano anali kamwana ka chifuwa. Akathamanga kuchoka pankhokwe kufika pakhola la mbuzi, umamva m'chifuwa mwake mukulira ngati muli kamphaka. Ine ndinatenga mafupa a atate. Kutunga madzi ine, nkhuni ine, kupirikitsa mbalame kumapira ine, ndipo sindinkadandaula, chifukwa anthu akanditama ndinkamva kukoma.

Sabata lina titatha mapemphero, akatekisiti anaimirira nkunena kuti kumishoni ku Mpanshya akulemba ana a sukulu, aamuna ndi aakazi omwe. Ana ochokera kutali ngati ife ankagona komweko, nkumadziphikira ufa wochokera kwawo. Ine mtima unangoti phaa. Ndinali nditaonapo mtsikana wina wa m'mudzi woyandikana nafe akuwerengera amake mawu a pachitini, amakewo atagwira pakamwa. Ndinafuna chimenecho. Sindinkadziwa kuti sukulu imapereka ntchito kapena nyumba ya malata, ayi. Ndinkangofuna kuti chitini chindiuze zimene chinauza mnzangayo.

Madzulo ake atate anali kusoka mphasa pakhonde, amai akupeta. Amai anafunsa kuti, "Nanga mutumiza uti?"

Atate anati, "Onse awiri sindingathe, munda ungafe. Njira ija ndi ya mapiri, kuyenda kwa tsiku lathunthu, ufa uli pamutu. Ndiwatenga onse, ndikaonera panjira."

Ndikaonera panjira. Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. M'mutu mwanga mwachibwana ndinati, basi, amene akathe njira ndiye akatsala kusukulu. Ndinamuyang'ana Damiano akutsokomola pafupi ndi mtondo, ndinamumvera chisoni, koma pang'ono chabe. Lemba zimenezo, usandikometse.

Tinanyamuka m'mawa kusanatenthe. Amai anamangira aliyense mtolo wake: ufa wa mapira m'kathumba, nsomba zouma, kampoto, ndi bulangete. Anandipindira nkhata ya chitenje chakale nkundisenzetsa. Akundisenzetsa choncho anandinong'oneza kuti, "Uziyenda bwino, osathamangira." Ine ndinayesa akunena za minga.

Kuchigwa tinayenda bwino. Mavuto anayamba pokwera. Njira yake inali ya miyala yogubuduka, ntchentche zoluma zija zikutilondola kumsana, anyani akutiseka pamatanthwe. Sitinafike ngakhale pakati pa phiri loyamba, Damiano anakhala pansi. Milomo yake inachita phulusa. Atate anaima, nkhwangwa ili paphewa, kungoyang'ana.

Ine ndinati mpata wanga ndi uno. Ndinatenga mtolo wa Damiano nkuusanjika pamwamba pa wanga, ndinamanga yonse iwiri ndi luzi. Khosi linalira, koma ndinaluma mano. Ndinayamba kukwera. Ndiye sindinangokwera ayi, ndinayamba ndi kuimba, kuti atate amve kuti mpweya ndikadali nawo. Ndikafika pamwamba ndimatula, kutsikanso, kukamukoka Damiano padzanja, kusenzanso. Phiri lachiwiri chimodzimodzi. Pakamtsinje kena ndinamubereka kumene, mwana wamwamuna wamkulumkulu, miyendo yake ikukhwekhwereza m'madzi. Nthawi yonseyo ndinkaba maso kuyang'ana atate. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinati ndapambana.

Tinafika dzuwa litapendeka. Eee, Enelesi, sukulu ija! Lero ukaiona ungaseke, koma ine ndinaona ngati kumwamba. Zipupa zoyera, belu lachitsulo lopachika pamtengo, atsikana atakhala pamzere akunena mawu amodzi pamodzi. Fungo la choko ndinalimva tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndimalimva pa malaya ako.

Nthawi imeneyo kunalibe mapepala a kubadwa. Aphunzitsi ankakuuza kuti upitirize dzanja pamwamba pamutu ugwire khutu la mbali ina. Ukaligwira ndiye kuti wakula, ungayambe. Ine ndinaligwira mpaka kulikoka. Damiano anangolikhudza ndi nsonga ya chala.

Aphunzitsi anati, "Onse akwana. Tilembe uti, atate?"

Atate anati, "Lembani mwamunayu."

Ndinayesa sindinamve bwino. Aphunzitsi nawo anadabwa, chifukwa anationa tikufika, ine ndili ndi mitolo iwiri, Damiano akudzikoka m'mbuyo chimanjamanja. Anati, "Nanga wamkaziyu? Akuoneka wochangamuka."

Atate anaseka, kuseka konyada, osati konyoza. Anandigwira paphewa nkunena kuti, "Uyu? Mukanamuona paphiri! Uyu ndi munda wanga, ndi nkhokwe yanga. Mphamvu zotere ndikazikhazike pabenchi? Kamnyamataka ndiye kalibe ntchito kumudzi, khasu likagwetsa. Kakhale kuno, mwina pensulo kaikwanitsa."

Tinagona kwa achibale pafupi ndi mishoni, m'mawa nkubwerera awiri. Mutu unali wopepuka, wopanda mtolo, koma ndinayenda ngati ndasenza mwala. Ndinalira kuyambira pamishoni mpaka paphiri. Atate sanandimenye. Sanali munthu wankhanza, lemba zimenezonso. Anangodabwa kuti ndikulirira chiyani pamene ananditama pamaso pa aphunzitsi. Potsiriza ndinawafunsa kuti, "Atate, si munati mukaonera panjira?"

Anati, "Ee, ndaona. Ukanakhala pansi ndiwe, ndikanasiya iwe."

Anakamba mopanda chinyengo, ngati akunena kuti mvula ibwera mawa.

Titafika kumudzi amai anangondiyang'ana khosi lotupa nkudziwa zonse. Anandikhazika pansi nkumandithowa ndi madzi otentha. Anati, "Ndinakuuza kuti osathamangira. Unasenzeranji wa mnzako?" Ndinati ndimafuna atate aone. Amai anati, "Aona. Manje sadzaiwala. Iwe uyesa ine mtondo waukulu uja sindingaunyamule? Ndingaunyamule ndi dzanja limodzi. Koma atate ako sanandionepo, ndiye amaunyamula okha."

Ndipo sanaiwaledi. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha, wopereka ufa kwa Damiano ndinali ine. Njira yomwe ija, mapiri omwe aja, mvula kaya dzuwa. Ndimafika, kutula, kuima pawindo pang'ono kumvetsera, kenako kubwerera. Zaka zonse zimene anaphunzira kumeneko, nzeru zake zinkayenda ndi ufa wa pamutu panga. Pamene anapita kusekondale, ine anali atandilipirira kale malowolo ambuya ako aamuna, amenenso anamva mbiri yoti kuli mtsikana wolima ngati amuna awiri.

Manje tamvera zimene Mulungu amachita akafuna kuseka. Kumishoni kuja kunali abambo ena amene ankathamangitsa ana m'mawa uliwonse kuzungulira bwalo. Damiano poyamba ankagwa. Kenako chifuwa chija chinayamba kutseguka, mpaka anakhala wothamanga wa sukulu yonse. Chinamudabwitsa mwini wake, nkufuna kudziwa kuti m'thupi mwachitika chiyani. Funso limenelo ndi limene linamudyetsa moyo wake wonse. Anayamba ndi kuphunzitsa masewera, kenako anamutumiza kunja, anabwerako ali dokotala wosabaya jakisoni. Ku Lusaka, kuyunivesite, wakhala akuphunzitsa manesi ndi aja owongola miyendo kuchipatala za mmene mtima ndi minofu zimachitira munthu akamagwira ntchito, ndi mmene thupi limakalambira. Amati nkhalamba isamangokhala, iziyenda, izinyamula tinthu, ikatero imachedwa kugwa. Akabwera kuno amadzuka m'mawa atavala kakabudula, nkhalamba yaimvi, kuthamanga mpaka kumsewu waukulu nkubwerera, wopanda chomuthamangitsa, wopanda chimene wanyamula. Ana amamutsatira akuseka.

Sindikuti ndi munthu woipa. Malata ali pamwamba pathuwa anakhoma ndi iye, titasamukira kuno ku Chinyunyu. Ndipo zimene amaphunzitsa si zabodza. Anansi athu aja, amake Joni, anafa mbali imodzi, mtsikana wina wophunzitsidwa ndi iye ndi amene anawayendetsanso, ndinaona ndi maso anga. Koma pali chinthu chimene munthu wophunzira angachiwerenge m'mabuku onse osachipeza, chifukwa sichinamuwawepo.

Chilimwe chathachi, iwe uli kusukulu, anabwera ndi motoka yodzaza ana amene amawaphunzitsa kuyunivesite. Anati akuyesa nkhalamba za m'midzi. Anabweretsa mpando wawo, wotchi, ndi kachitsulo kofinya m'manja. Nkhalamba imakhala pampando, kuimirira, kukhala, kuimirira, manja ali pachifuwa, iwo akuwerenga. Anzanga anachita, tikuseka, ena mpaka chitenje kumasuka.

Itafika nthawi yanga, Damiano anawasonkhanitsa onse. Anandigwira paphewa. Anawauza m'Chinyanja kuti nanenso ndimve: "Awa ndi ba sisi anga, akulu kwa ine. Sanagonepo m'chipatala. Ali mwana ankakwera mapiri a ku Shikabeta ndi katundu pamutu mwezi uliwonse. Zimene ndimakuphunzitsani m'kalasi, umboni wake ndi uwu. Muona okha mmene aimirire." Kenako anatembenukira kwa ine akumwetulira. "Ba sisi, inu munachita mwayi. Ife a m'maofesi mphamvu timachita kuzifunafuna. Inu moyo unakupatsani ulere."

Ulere.

Dzanja lake linali paphewa pomwe paja, ndipo mawu ake anali onyada ngati a atate. Ndinakhala pampando wawo uja. Kamtsikana ka wotchi kanati, "Ambuya, tiyeni, yambani." Ine phee. Kanabwerezanso mokweza, kuyesa ndine wogontha. Ndinati, "Mwanawe, miyendo yakana."

Damiano anati, "Ah, ba sisi, m'mawa uno ndakuonani mukuchokera kudimba ndi ndowa."

Ndinati, "Unaona bwino. Manje yakana."

Anawo anayang'anana. Wina analemba kanthu, kaya analemba kuti nkhalamba yalephera, kaya chiyani, ndi zawo. Damiano anawauza kuti apite kunyumba ina, iye anatsala. Anakhala pachitsa, nkuvula magalasi. Anati, "Mwandichititsa manyazi pamaso pa ana."

Ndinati, "Mayeso amenewa ndinalemba kale, Damiano. Ndinakhoza. Zimene anandipatsa unaziona."

Kenako anati, "Sindinasankhe ndine. Ndinali mwana."

Ndinati, "Ndikudziwa. Koma usamati ulere. Ukawauza ana ako kuti mtolo umalimbitsa mafupa, uziwauzanso kuti khosi ili silitembenuka, ndipo pepala la kuchipatala amandiwerengera ndi mdzukulu. Iwe umathamanga ukafuna, ukatopa umaleka. Ine sanandifunsepo."

Anapukuta magalasi aja, kuwapukutanso, nkupita kumotoka. Sindikudziwa ngati ana akewo amawauza. Anatumiza mafuta opaka pakhosi mwezi wotsatira, ndipo ndimapaka, amathandizako.

Anthu amati ukakalamba mtima umazizira. Wanga sunazizire, ndisakunamize. Atate ndinawakhululukira, anaona munda, sanaone mwana, ndipo njala ya kuchigwa inali yoona. Damiano ndi mlongo wanga, akadwala ndidzapita. Koma kamtsikana kaja koimba paphiri ndi mitolo iwiri, kakuba maso kuyang'ana atate ake, kameneko ndikakakumbukira ndimafuna kukagwira ndi kukakhazika pansi pamwala.

Chimene ndikudziwa lero ndi ichi, ndipo ulembe ndi zilembo zazikulu ngati zilipo. Mphamvu ndi zabwino, mlongo wanga sanama. Koma anthu akakutama kuti ndiwe wolimba, kawirikawiri amakhala ataona kale katundu amene alibe womusenza. Iwe ndimakuona, umathamangira kunyamula ndowa ziwiri kuti amalume ako akutame. Leka. Nyamula imodzi, ubwerere kawiri, ufike mochedwa, akunene kuti ndiwe waulesi. Aulesi a m'banja lathu ndi amene anaphunzira.