Tisunge ndi Miyala Yokumbukira Kumpoto

Tisunge atalephera mayeso a Fomu 4 kachiwiri, anasiya kutuluka m'nyumba. Makolo ake anali atamwalira kale. Ankaleredwa ndi azakhali ake, a Sellina, omwe ankaswa miyala yogulitsa m'mbali mwa msewu pa Nsipe.

Azakhaliwo sanamukalipire. "Ulira mpaka liti, mwana wa achimwene anga? Tiye ukandithandize."

Tsiku lina paphiri pomwe ankaswa miyalapo panafika akatswiri ofufuza za miyala. Mtsogoleri wawo, mayi Emma, ankaboola thanthwe ndi makina, kenako n'kuyeza ndi kampasi. Tisunge analimba mtima n'kufunsa chifukwa chake.

"Kalekale mwala uwu unali wosungunuka ndi kutentha," anayankha mayiwo. "Pozizira, timibulu tachitsulo tam'kati mwake tinaloza kumpoto ngati kampasi, n'kuumira momwemo. Tikatiyeza, timadziwa komwe dera lino linali nthawi imeneyo. Pajatu zigawo za dziko zimayenda pang'onopang'ono, n'kumalumikizana."

"Ndiye kuti kwathu kuno kunachokera kwina?"

"Mwina. Tikufuna anthu otithandiza kupeza yankho."

Mawuwo anamukhala mumtima. Analembetsanso sukulu, ngakhale ana a m'kalasi ankamutcha agogo. M'mawa kuswa miyala, masana kuphunzira. A Sellina ankamupaka mafuta m'zikhatho zong'alukazo kuti azigwira bwino cholembera. Ulendo wachitatu anakhoza, n'kusankhidwa kupita ku yunivesite.

Mavuto sanathere pomwepo. Pa kafukufuku wake woyamba, miyala yomwe anatenga pamwamba pa phiri inaloza uku ndi uku. Zinadziwika kuti mphezi inasokoneza maginito ake. Ntchito ya chaka chonse inapita pachabe. Akulira, anaimbira foni azakhali ake.

"Kodi miyala yatha ku Ntcheu kuno?" anafunsa a Sellina. "Bwera udzatenge ina. Madzi oziziritsira makina akowo ndizikakusenzera ine."

Anatsikira limodzi kuchigwa, azakhali ali ndi ndowa pamutu, akuseka kuti ayamba yunivesite atakalamba. Miyala ya kumeneko inaloza mbali imodzi yonse, ndipo Tisunge anatha kulondola ulendo womwe dera lakwawolo linayenda. Lero amaphunzitsa ena ntchito yomweyi.

Inu amene mwalephera ndipo mukuchita manyazi kutuluka panja, dzukani mukayesenso. Ngati wina akufuna kukuthandizani, musamukane. Osataya mtima, nthawi yanu ikadalipo.